Mmene ndinagulira hatchi yanga yoyamba ku Kyalami

Zinayamba mwachibwana. Ndimagwira ntchito ku Midrand, ndiye Loweruka ndinkakonda kupita ku Kyalami kukacheza ndi achimwene ena a ku Ntcheu omwe akhala akusamalira mahatchi kumeneko zaka zambirimbiri. Mu Johannesburg monse dera limene lija ndiye kwawo kwa mahatchi, mpaka m'misewu muli zikwangwani zochenjeza oyendetsa galimoto. Ndinayamba kuphunzira kukwera, miyezi 8 yokha mtima wayamba kale kuti ndikufuna yangayanga.

Yoyamba kundidolola inali Thoroughbred yofiirira, yaitali, zaka 4, yongopuma kumene mipikisano ya ku Turffontein, mtengo wake wotchipa zodabwitsa. Nditawaonetsa achimwene chithunzi pafoni anangoti, "Mphwanga, ukufuna kubwerera kumudzi m'bokosi eti?" Hatchi ya mpikisano inaphunzitsidwa kuthamanga basi, ukakoka zingwe mwamphamvu iyo imatsamira pachitsulo cha mkamwacho nkuwonjezera liwiro, pomwe iwe ukuyesa wagwira buleki. Ndinanyinyirika koma ndinaisiya.

Yomwe tinapeza ndi Boerperd, mtundu wa mahatchi a kuno ku South Africa, yamphongo yofula, zaka 14, yosaoneka bwino kwenikweni, mimba ngati mgolo. Kutalika kwake 15 hands, hand imodzi ndi pafupifupi masentimita 10 ndipo amayezera pamapewa osati kumutu. Ndinakaikwera katatu, ulendo umodzi tinangotulukira osauza mwiniwake, chifukwa ogulitsa ena amayamba aitopetsa hatchi m'mawa kuti iwe ukafike uipeze yofatsa ngati nkhosa. Ndinafunanso kuigwira ndekha kubusa, kuimanga sadulo ndekha, kuinyamula miyendo yonse inayi. Kenako a vetenale, odzipezera ndekha osati a wogulitsa. Anamvetsera mtima, kuyang'ana maso ndi mano, mwendo uliwonse ankaupinda kwa kanthawi kenako nkuithamangitsa kuti aone ngati ikutsimphina. Hatchi kuno ili ndi pasipoti yake, inde pasipoti, enafe yathu tinaivutikira pamzere, ndiye anawerenga microchip ya pakhosi kuona ngati nambala ikugwirizana komanso makatemera ngati analembedwa.

Tsono apa ndi pomwe ndalama inayamba kutuluka zenizeni. Ine ndimakhala pa lendi, ndiye hatchi imakhala pa livery, ndimalipira khola, chakudya ndi woisamalira mwezi ndi mwezi, ndipo chaka chisanathe ndinali nditalipira kuposa mtengo womwe ndinaigulira. Yolemera makilo 450 imadya udzu wouma pafupifupi makilo 9 patsiku, kuno amadyetsa teff kapena eragrostis ndi lucerne pang'ono, madzi imatha kumwa malita 30 kapena kuposa kukatentha. Ikafika Julayi msipu wapsa ndi chisanu, mabelo a udzu nawo akwera mtengo. Farrier, wodula ziboda uja, amabwera masabata 6 aliwonse kaya uli ndi ndalama kaya ulibe. Mano kamodzi pachaka.

Nthenda yomwe aliyense amaiopa ndi African Horse Sickness. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timaluma madzulo ndi m'bandakucha makamaka mvula ikagwa bwino, kuyambira cha mu Febuluwale mpaka chisanu choyamba. Katemera wake, wopangidwa ku Onderstepoort ku Pretoria, amabaya pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, mabotolo awiri motalikirana masabata atatu. Dzinja lonse dzuwa likamapendeka hatchi ilowe m'khola, uipopere mankhwala. Nkhupakupa nazo zimabweretsa biliary, nthenda yoononga magazi, ndiye ndinazolowera kufufuza kunsi kwa mchira ndi kuyang'ana nkhama ngati zayezuka.

Cholakwa chachikulu chinali changa. Mwezi wachiwiri ndinkaona ngati ikuonda, chisoni chinandigwira, ndinagula thumba la chakudya cha m'sitolo nkuithira chidebe chodzadza osauza munthu. Cha m'ma 9 usiku foni, achimwene akuti bwera msanga. Ndinaipeza ikupalasa pansi, kudziyang'ana m'nthiti, thukuta kamukamu, ikufuna kugubuduka. Colic, kupotokola kwa m'mimba. Hatchi sisanza ayi, chomwe chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo, nchifukwa chake chakudya chatsopano amasintha pang'onopang'ono kwa sabata kapena kuposerapo. A vetenale anabaya jakisoni, kulowetsa paipi m'mphuno mpaka m'mimba, ife tikuiyendetsa pabwalo ndi tochi kuzizira kuli tseketseke. Itachita ndowe cha m'ma 2 koloko ndinasangalala ngati ndawina mpira, sindinaganizepo kuti ndowe zingandisangalatse chonchi. Achimwene sanandikalipire, anangonyamula thumba lija nkukalitsekera m'chipinda chawo, mpaka lero sindinalionenso.

Bilu ya usiku umenewo inadya ndalama yomwe ndimayenera kutumiza kumudzi. Nditawafotokozera mayi pafoni anakhala chete kaye, kenako anafunsa, "Nanga hatchi yakoyo imalima?"