Kanjedza wanga wa ku Brazil

Ndikudziwa kuti chithunzi chija chazungulira kale pa WhatsApp, ndiye ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde, bambo amene akuthamangira mdipiti atavala patapata mmodzi uja ndine.

Mtengo umene ndinkalirira si kanjedza wa kudambo ayi. Dzina lake ndi Butia, kwawo ndi kum'mwera kwa Brazil ndi ku Uruguay. Alamu anga anabwera nawo m'kachitini kuchokera ku Johannesburg mu 2017. Umabereka tizipatso tachikasu, totsekemera mowawasira, topangira jamu, ndipo umapirira kuzizira mpaka madigiri 10 pansi pa ziro. Zonsezi ndinkazidziwa, komabe June aliyense ndinkaufunditsa bulangete, kuno ku Area 25 kumene madzi a m'ndowa sanaundanepo chibadwire changa. Mayi a Chisomo ankangoti, "Bambo a Chisomo, mkazi wanu weniweni ndi uti pakhomo pano?" Musaseke, mphepo ya July mumaidziwa inunso.

Umakula ngati kamba mtengowu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga masamba ake ngati ndalama, chipatso osachilawa.

Ndiye pa Lamulungu la Kanjedza ndatuluka m'mawa ndi mswachi mkamwa, ndapeza mtengo wametedwa mpala. Kwangotsala kamphukira kamodzi pamwamba, kataima njo ngati eriyo ya wailesi. Chisomo, mwana wanga womubereka ndekha, anali atagawira kwaya yonse, akuti ena analibe kanjedza.

Mdipiti ndinaupeza pamsewu. Abale, masamba anga ndinkawazindikira limodzi limodzi: otuwa, opindika ngati uta, pakati pa obiriwira a anthu ena. La mu 2021 linali ndi mnyamata wa ng'oma, akupirikitsira ntchentche. Lalitali kwambiri, lija ndinkalipukuta fumbi ndi kansalu konyowa, linali m'manja mwa agogo ena, akuligwedeza ndi mphamvu zawo zonse, maso atatsinzina, Hosana ali pakamwa. Ndinayenda pambali pawo mpaka pamphambano, ndikungoliyang'ana likuwerama, likudzuka, likuwerama.

Kenako ndinanong'ona, "Agogo, pang'onopang'ono, tsamba limenelo ndi la ku Brazil."

Anatsegula diso limodzi. "Mwana wanga, imba."

Ndinaimba. Ndikanatani?

Mtengowo sunafe, pakuti kanjedza amaphukira pamtima pamodzi pokha ndipo chikwanje sichinafikepo. Za jamu tiyambe taiwala. Bulangete nalo mayi a Chisomo alibisa, sindikudziwa kuti.