Zikomo amalume, ntchito ija ya The Millennium yatha

Abale ndi alongo, uthenga uja wafika dzulo madzulo. Aphunzitsi avomereza kafukufuku wanga wa gulu loimba la The Millennium, ndakhoza. Ndinauwerenga ndili chiimire pa siteji ya basi, ulendo wa ku ntchito ya usiku, ndipo misozi inangoyamba yokha anthu akundiyang'ana. Mpaka pano tulo sindinatione, ndiye mundikhululukire ngati mawuwa akhale opanda mutu weniweni. Ndafuna ndithokoze mtima usanapole.

Choyamba ulemerero upite kwa Chauta. Amene munali pafupi mukudziwa za opaleshoni ija ya mu Febuluwale. Mukudziwa za laputopu imene inabedwa muli mitu itatu yolembalemba kale. Mukudziwanso kuti zikwama ndinali nditayamba kulongedza, ndimati basi ndibwerere kumudzi, Mangalande wandikana. Zimenezo sindibwereza, zikadali zowawa.

Koma pali munthu mmodzi amene ndikapanda kumutchula lero ndiye kuti ndine wosayamika. Amalume anga, alongo awo a mayi, mphunzitsi wopuma pa ntchito amene atsogolera kwaya ya ku tchalitchi kwathu ku Dedza kuyambira ine ndisanabadwe. Amalume, ndikudziwa kuti Facebook simulowa, koma mdzukulu wanu akuwerengerani. Ntchito iyi theka ndi yanu.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kodi gulu loimba limene landisowetsa mtendere zaka ziwiri zonsezi ndi lotani, poti dzina lake simunalimvepo pa wailesi. Simunalakwe, ngakhale kwawo ku America ambiri sankalidziwa. Dzina lake ndi The Millennium, la mumzinda wa Los Angeles. Linatulutsa chimbale chimodzi chokha pa nthawi imene linalipo, chotchedwa Begin, mu 1968, ku kampani ya Columbia. Munali anyamata 7: Curt Boettcher, Lee Mallory, Sandy Salisbury, Joey Stec, Michael Fennelly, Doug Rhodes ndi Ron Edgar. Amene anawasonkhanitsa ndi Boettcher, mothandizana ndi mnzake wodziwa za makina a mu situdiyo, Keith Olsen. Rhodes, Edgar ndi Olsen anachokera ku gulu la The Music Machine, lomwe linkaimba nyimbo zaukali, zokalipa. Boettcher yekha anali atadziwika kale. Ndi iye anajambulitsa chimbale choyamba cha gulu la The Association mu 1966, momwe muli nyimbo ya Cherish imene inafika pa nambala 1 ku America konse. Anali mnyamata wa zaka 22 zokha pamenepo.

Maimbidwe awo anthu anadzawatcha sunshine pop pambuyo pake. Ndi nyimbo zowala, zofewa, zimene mphamvu yake yonse ili m'mawu a anthu oimba mogwirizana, mawu osanjikizana ngati udzu wofolera nyumba. Munthu wokulira m'kwaya ukazimva thupi limachita tsembwe, chifukwa umazindikira kuti pali wina amene anakhala pansi n'kugawa mawu amenewa mosamala, uyu apite m'mwamba, uyu atsike, uyu adikire kaye. Kafukufuku wanga anali pa kagawidwe ka mawu kameneka, ndi momwe makina a nthawi imeneyo anathandizira.

Apa ndi pamene laputopu ija inandipha. Ndinali nditatha miyezi ndikumvetsera nyimbo imodziimodzi, kulemba mzere wa mawu alionse pawokha. Zonse zinapita tsiku limodzi. Nditatuluka m'chipatala sindinkatha kukhala pa mpando ngakhale theka la ola, mutu unkazungulira ndi mankhwala, ndipo makutu anga sanali kugwiranso bwino ntchito. Ndinawaimbira amalume osati kupempha thandizo ayi, ndinkangofuna kulira kwa munthu wamkulu. Iwo anandimvetsera mpaka ndinatha, kenaka anati: "Iwe, nyimbozo zili ndi do re mi kapena zilibe?" Ndinati zili nazo. Anati, "Ndiye tumiza kuno."

Amalume foni yawo ndi ya mabatani. Yamakono ndi ya mdzukulu wawo, ndipo netiweki kwathu kuja imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa dimba. Mnyamatayo ankakwera pa chulu kukalandira nyimbo pa WhatsApp, n'kupita nayo foni kukatchajitsa ku malo ometera tsitsi, n'kubwera nayo kwa agogo ake. Iwo ankakhala pakhonde m'mawa, kope pa bondo, pensulo m'manja, foni pa khutu. Kachidutswa ka masekondi khumi ankakabwereza mwina kakhumi, kulemba d, r, m, f, s, l, t monga amachitira ndi nyimbo za kwaya, soprano pamwamba, alto, tena, besi pansi. Maso awo ndi ofooka masiku ano, zilembo ankalemba zikuluzikulu. Madzulo mnyamata uja ankajambula masamba n'kukweranso pa chulu. Makope anayi anadzadza. Nyimbo 14 za chimbale chija anazidutsa zonse, ngakhale yoyamba ija yopanda mawu, poti anati sangasiye khomo la nyumba osaliona.

Tsiku lina ananditumizira uthenga wa mawu umene ndausunga ndipo sindidzaufufuta. Anati: "Apa pali chodabwitsa. Munthu mmodzi akuimba ndi mthunzi wake. Mawu ndi amodzimodzi, kapumidwe ndi kamodzimodzi, koma ndikumva anthu awiri." Ndinakhala duu pa bedi. Chimene anamva ndi khutu lokha pa kafoni kakang'ono ndi chimene mabuku amafotokoza m'masamba ambirimbiri. Woimba amajambula mzere wake, kenaka n'kuubwereza pamwamba pa woyamba uja, ndipo mawuwo amanenepa, amamveka ngati gulu. Kuti zimenezi zitheke pamafunika malo ambiri pa tepi. Makina abwino a nthawi imeneyo anali ndi njira 8, kutanthauza kuti ukhoza kusunga zinthu 8 paderapadera, ng'oma apa, gitala apa, mawu apa. Pojambula Begin analumikiza makina awiri otere kuti aziyenda limodzi, njira zikhale 16. Lero mwana aliyense wa laputopu ali ndi njira zosawerengeka, koma mu 1968 imeneyi inali ntchito yotulutsa thukuta, chifukwa makina amodzi akangothamanga pang'ono kuposa anzake, oimba ndi ng'oma amasiyana njira. Nthawi ya mu situdiyo inali yambiri, ndalama zinalowa zochuluka, ndipo chimbalechi chimatchulidwa kuti chinali chodula kuposa china chilichonse chimene Columbia inali itajambulitsa kufikira nthawi imeneyo.

Nditawafotokozera zimenezi amalume anaseka, anati ndiye kuti anyamatawa anali ndi kwaya ya anthu makumi atatu m'matumba mwa anthu 7. Mawu amenewo ndinawaika m'mutu wachitatu wa kafukufuku, ndi dzina lawo pansi pake. Mmodzi wa aphunzitsi oyesa anawalemba mzere kunsi.

Funso limene anandifunsa kangapo ndi lakuti, "Nanga anthu oimba bwino chonchi anamwazikana bwanji?" Yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Chimbale sichinagulidwe. Nyimbo zimene anazitulutsa pazokha, monga It's You ndi 5 A.M., sizinapite patali ku America. Ine maganizo anga ndi akuti chinafika pa nthawi yolakwika. Taganizani chaka cha 1968. Mu Epulo anapha Martin Luther King ku Memphis. Mu Juni anawombera Robert Kennedy mu Los Angeles momwemo, mumzinda umene anyamatawa ankajambulira. Nkhondo ya ku Vietnam inali itafika poipa, achinyamata ali m'misewu. Makutu a anthu anali atatembenukira kwa Jimi Hendrix ndi anzake, magitala olira mokwiya. Ndiye pakubwera gulu loimba mofatsa za chisumbu, za m'bandakucha, za ubwenzi. Kwa okonda zaukali zinali zofewa kwambiri, ndipo kwa mawailesi a nyimbo zovinavina zinali zachilendo kwambiri, muli zida ngati koto wa ku Japan ndi phokoso lina losazolowereka. Kampani imene yataya ndalama zotere siichedwa kutembenuka msana. Chaka chisanathe chitulukire chimbale, gulu linali litatha.

Aliyense analowera kwake. Michael Fennelly anadzatsogolera gulu la Crabby Appleton. Keith Olsen anadzakhala katswiri wamkulu wojambula nyimbo, ndi iye anagwira ntchito ndi Fleetwood Mac pa chimbale chawo cha 1975. Sandy Salisbury anasiya kuimba n'kukhala wolemba mabuku a ana, pa dzina lake lenileni la Graham Salisbury. Boettcher anapitiriza kugwira ntchito kuseri, kukonzera ena mawu, kuphatikizapo The Beach Boys, koma dzina lake silinakwerenso. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 43. Chimene chimandipweteka n'chakuti sanaone zimene zinadza pambuyo. M'zaka za m'ma 1990 achinyamata a ku Japan anayamba kufukula nyimbo za mtundu umenewu n'kuzikonda kwambiri, chimbale chinatulukanso pa CD, ndipo mu 2001 kampani ya Sundazed inasonkhanitsa nyimbo zawo pamodzi ndi za The Ballroom, gulu limene Boettcher ndi Salisbury anali nalo poyamba, m'bokosi la ma CD atatu. Lero anthu odziwa amachiika Begin pakati pa zimbale zabwino koposa za mtunduwu.

Nditawauza amalume za imfa ya Boettcher anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenaka anangoti, "Zaka 43. Mwana ndithu." Mawa lake anatumiza masamba 9, ochuluka kuposa tsiku lina lililonse.

Ndisaiwale ena. Amayi anga, amene munasala kudya masiku atatu ndili ku fiyeta, Mulungu akusungeni. Amayi a mvano a mpingo wathu kuno, munkasinthana kubweretsa phala ndi ndiwo milungu isanu, ndipo mmodzi wa inu anachapa zovala zanga zimene ine ndemwe ndinkachita nazo manyazi. Mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, unatenga mashifiti anga 11 osandiwerengera, ndipo malipiro a ena mwa iwo unandipatsa. Achimwene a ku Johannesburg, laputopu imene ndalembera mawu awa ndi ija munatumiza. Aphunzitsi ondiyang'anira, munandimenyera nkhondo kuti andionjezere miyezi itatu, ndipo simunaseke nditabwera ndi zithunzi za makope a pulayimale ngati umboni wa kafukufuku. Munawaona mwaulemu, munafunsa kuti mwini wake ndani. Ndi iwe mdzukulu wa amalume, wokwera pa chulu mvula ikugwa, nsapato zako zija ndagula kale.

Aliponso ena amene munkati ndikutaya ndalama ndi nyimbo za azungu akufa, kuti bwenzi nditaphunzira zaunamwino ngati anzanga. Nditagona m'chipatala foni zanu zinali zotanganidwa, mauthenga anga munkawaona koma osayankha. Sindikusungirani mangawa, ndakhululuka, koma ndinaona. Lero mwayamba kale kulemba kuti munkadziwa kuti ndidzakhoza. Chabwino, zikomo.

Ndibwerere kwa amalume, chifukwa mtima ukukanabe kuchokapo. Inu simunalandire kalikonse. Nditatumiza kandalama kuti mugule shuga, munakagula mapensulo ndi makope ena, chotsala munapatsa mnyamata wa bandulo. Nthawi yokolola inafika muli pakhonde ndi foni pa khutu, azakhali akudandaula kuti chimanga chikudyedwa ndi chiswe. Usiku umene ndinakuuzani kuti ndasiya, kuti sindingathenso, simunandinyengerere. Munangoti, "Ine ndafika pa nyimbo ya nambala 9, iwe uli pati?" Ndinachita manyazi, ndinadzuka, ndinayatsa nyali. Munandiphunzitsa do re mi ndili ndi zaka 8, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mukumenya nthawi ndi kamtengo pa benchi. Sindinkadziwa kuti kamtengo kameneko kadzandiolotsa nyanja.

Ambuye amene amaona zam'seri akubwezereni. Akupatseni masiku ambiri, akutetezereni makutu amenewo, atsegulenso maso anuwo. Ndikubwera mu Disembala, Mulungu akalola. Ndapeza chimbale chenicheni cha Begin, chachikulu chija chakuda, kwa wogulitsa zakale, ndipo ndikubweretserani pamodzi ndi choimbira chake kuti mumve anyamata anu aja pa sipika yeniyeni, osati pa kafoni. Tikapitanso kukayezetsa maso, musakane. Buku la kafukufuku ndasindikiza awiri, limodzi ndi lanu, ndipo tsamba loyamba lili ndi dzina lanu ndi la mfunda wanu.

Makope anayi aja musapatse munthu, ndikufuna ndidzawagwire ndi manja anga. Foni muitchajiretu, ndiimba Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi.