Ulendo wathu wokaona mmene amasiyanitsira mafangasi a m'kamwa

Loweruka lapitali ife a gulu la Amalawi ophunzira za umoyo kuno ku Johannesburg tinakumana m'mamawa pa Park Station, anthu asanu ndi anayi, n'kukwera takisi kupita ku labotale ina yomwe inatiitana. Nkhani inali ya mafangasi oyambitsa zilonda zoyera za m'kamwa, zija zimamata pa lilime ngati chambiko. Tonse tinaziwonapo, kaya pa makanda kaya pa abale athu amene ali ndi HIV.

Mayi amene anatilandira anatipatsa timbale tiwiri ta agar, chakudya chonga jeli chomeretsapo tizilombo mu labotale, kuti tinene kusiyana kwake. Tinayang'anitsitsa, koma palibe anaona kanthu. M'kamodzi munali fangasi wotchedwa Candida albicans, m'kena Candida dubliniensis, yomwe inadziwika mu 1995 ku Dublin, kuchokera m'kamwa mwa odwala HIV. Ziwirizi ndi mapasa enieni. Ukaziika mu serum (madzi a m'magazi) pa madigiri 37, pakatha maola awiri kapena atatu zonse zimatulutsa kamchira kotchedwa germ tube, ndiye njira imene ambirife tinaphunzira kumudzi singazilekanitse. Pa CHROMagar, agar amene amapatsa mafangasi mitundu yosiyanasiyana, zonse zimabiriwira. Dubliniensis imaderako pang'ono, koma mtunduwo sungaudalire. Mbaleyi imathandiza kwambiri pa ma Candida ena, monga tropicalis, yomwe imatuluka yabuluu, ndi krusei yapinki, imene siimva mankhwala a fluconazole.

Makina a MALDI-TOF tinawaona, ndipo amatchula dzina la fangasi m'mphindi zochepa. PCR, njira yopima DNA ya fangasi, nayonso anatifotokozera. Sitinakhalitsepo, poti tonse timadziwa kuti zipatala zathu za m'maboma sizingazipeze posachedwa.

Pamene ine mtima unakhala ndi pa njira zotsika mtengo. Ukakweza kutentha kufika madigiri 45, albicans nthawi zambiri imamera, inzakeyo imalephera. M'madzi omeretsera othiridwa mchere wa 6.5 peresenti zimakhalanso chimodzimodzi. Kenaka mayi aja anatulutsa mbale yofiirira n'kunena kuti agar wake ndi wa fodya. Amawiritsa fodya, kusefa madziwo, n'kusakaniza ndi agar. Pamenepo dubliniensis imamera yokhakhala, yachikasu chodera, yokhala ndi tindevu m'mphepete, pomwe albicans imakhala yosalala ndi yoyera. Mkulu wa gulu lathu, wa ku Kasungu, anandigwira paphewa n'kunong'ona kuti, "Achimwene, fodya yemweyu amene bambo anga ankapachika m'chigafa?" Mawu awo ankanjenjemera, ndipo inenso zinandigwira mtima.

Mayi aja anatichenjeza kuti albicans ina simera pa 45, choncho njira imodzi siyokwanira. Uyese ziwiri kapena zitatu usanalembe dzina pa fomu ya wodwala. Mawu amenewa ndinawalemba mzere kunsi m'kope langa.

Pobwerera tinagwirizana kuti anzathu awiri amene akupita kumudzi mu Disembala atenge kope la kaphikidwe ka agar wa fodya, akalionetse ku labotale komwe anachitira maphunziro awo oyamba.