Ulendo wa pa basi wa ku Joni: mufunse ndani, mumufunse chiyani

Mukangotchula kuti mwezi wamawa mukukwera basi ya ku Joni, alangizi amatuluka paliponse. Amalume amene anapitako mu 2015 akuuzani mtengo wa tikiti. Mnzanu wa ku tchalitchi akuti pa Beitbridge, boda ya pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, bola mukhale ndi kangachepe m'thumba. Alamu anu amene ali komweko akuti ingobwerani, zonse tidzakonzera konkuno. Palibe amene akukunamizani dala. Koma aliyense amadziwa kachigawo kake ka ulendowu, ndipo malangizo ena amasasa msanga ngati thobwa la dzana. Ntchito yanu ndi kudziwa funso loyenera munthu aliyense, ndi kumufunsanso kuti zimene akunenazo anaziona liti.

Chimene sichisintha ndi msewu, ndipo uwu aliyense amene anayendapo akhoza kukufotokozerani. Kuchokera ku Blantyre basi imalowera ku Mwanza, mtunda wa makilomita 100 ndi kuposerapo pang'ono. Mukadinditsa kutuluka m'Malawi mumayenda makilomita angapo kukafika pa Zóbuè, chipata cha Mozambique. Ochokera ku Lilongwe kawirikawiri amatulukira pa Dedza n'kulowera pa Calómuè. Misewu iwiriyi imakumana musanafike ku Moatize, kenako mumawoloka Zambezi pa Tete n'kutsetsereka mpaka pa Cuchamano. Kuchokera pa Zóbuè kufika apa ndi makilomita pafupifupi 260. Tsidya lake ndi Nyamapanda, ku Zimbabwe. Kuchoka pa Nyamapanda kukafika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 240, ndipo kuchoka ku Harare kudzera ku Masvingo mpaka pa Beitbridge ndi pafupifupi 580. Mukawoloka Limpopo kwatsala makilomita ngati 540, kudzera ku Musina, Polokwane ndi Pretoria. Onse pamodzi amapitirira 1,700. Wotchi simusintha, mayiko anayi onsewa ali pa nthawi imodzi.

Werengani zidindo: kutuluka Malawi, kulowa ndi kutuluka Mozambique, kulowa ndi kutuluka Zimbabwe, kulowa South Africa. Zidindo 6 popita, 12 mukabwerako. Pasipoti imene yatsala ndi masamba awiri kapena atatu osadindidwa ikhoza kudzaza muli pakati pa ulendo, chifukwa si ofesala aliyense amene amadinda mosamala malo.

Nkhani ya pasipoti ndi ya a Immigration okha basi. Musaifunse kwa dobadoba woima panja pa ofesi, ngakhale atalumbira kuti ali ndi munthu wake mkatimo. Yambani msanga, miyezi ingapo ulendo usanafike. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti anaima kwa masabata angapo, ndipo amene anali atagula kale tikiti anangogwira njakata. Pasipoti ikhale m'manja choyamba, tikiti pambuyo. Lamulo la South Africa limafuna kuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mudzatuluke m'dzikomo, koma popeza mukudutsa mayiko ena awiri, ine ndimati ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuti pasakhale wokuvutani. Ijambuleni tsamba la chithunzi, pepala limodzi muike m'chikwama china, chithunzi china mutumizire m'bale wotsala kumudzi. Ikatayika, ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria imathandiza mosavuta munthu amene ali ndi nambala ya pasipoti yake.

Tsopano pa masiku, pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku South Africa, amaloledwa kukhalako mpaka masiku 30. Mawu akuti "mpaka" ndi ofunika. Ofesala wa pa Beitbridge ndi amene amalemba masiku pa chidindo, ndipo akhoza kulemba 30, 14 kapena 7 malinga ndi zimene mwamuuza ndi zimene mwamuonetsa. Akhoza kufunsa tikiti yobwererera, adiresi ya kumene mukafikire, nambala ya foni ya wokulandirani, ndi ndalama zoti mukadyere. Zonsezi zikhale pa pepala m'manja, osati m'foni imene yazima kuyambira ku Masvingo. Akakubwezerani pasipoti musaiike m'thumba msanga. Tsegulani pomwepo, muli pa kauntala, muwerenge tsiku limene walemba. Ngati manambala sakuoneka bwino, funsani mwaulemu. Tsiku limenelo ndi limene lili m'kompyuta yawo, osati limene inu mukuganiza.

Kupyola masiku si nkhani ya faindi ayi. Kuyambira 2014, wopyola masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi. Akabwereza mkati mwa zaka ziwiri chiletsocho chimakhala cha zaka ziwiri, ndipo wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Wogwidwa mkati mwa dziko alibe mapepala akhoza kukathera ku Lindela, malo osungira anthu otere ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Amene anapitako lamuloli lisanabwere adzakuuzani kuti umangolipira pa boda n'kudutsa. M'nthawi yawo zinali choncho. Lero ayi. Ndipo chilolezo cha masiku 30 chija ndi chochezera, sichilola munthu kugwira ntchito.

Apa ndi pamenenso mudzamve malangizo oipitsitsa pa ulendo wonsewu, akuti pasipoti mungoipereka kwa munthu wina akakudindireni, kapena mukaitumize pa basi ikadindidwe pa boda inu muli ku Joni. Musayerekeze. Chidindo chimene sichinalowe m'kompyuta ndi chabodza ngakhale chitaoneka bwino chotani, ndipo mlandu umagwera mwini pasipoti, osati amene anadya ndalamayo. Pa boda iliyonse tsikani nokha, imani pa mzere nokha, pasipoti ichoke m'dzanja lanu kupita m'dzanja la ofesala amene ali kuseri kwa kauntala. Kuyambira 2023 mbali ya South Africa ya chipatachi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la Border Management Authority, ndipo mbali ya Zimbabwe inamangidwanso mwatsopano, mabasi ali ndi malo awoawo osiyana ndi a mathiraki. Wokuuzani kuti mukatsika mukhotere kumanzere pa kanyumba kakale akunena za boda imene kulibenso. Tsatirani kondakitala ndi zikwangwani.

Ngati mwatenga mwana, mwanayo akhale ndi pasipoti yakeyake. Tenganinso kalata yake yobadwira, ndipo ngati kholo lina latsala kapena mwanayo si wanu, tengani kalata yachilolezo yosainidwa pamaso pa wolumbiritsa, pamodzi ndi fotokope ya chiphaso cha khololo. South Africa inafewetsa lamuloli mu 2019 kwa ana akunja amene ali ndi makolo awo, koma muli ndi zipata zisanu zina zoti mudutse, ndipo ofesala wokayikira za mwana ali ndi ufulu wofunsa.

A ku ofesi ya basi afunseni za basi yawo, ndipo pitani nokha pa ofesipo kapena imbani pa nambala imene yalembedwa pa tikiti yeniyeni. Mtengo wa tikiti umene mwamva kwa munthu wina uli ngati mtengo wa tomato wa chaka chatha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye nambala iliyonse yakale ndi yongosokoneza mutu. Mafunso oyenera ndi awa. Basi imanyamuka masiku ati, ndipo imanyamuka pa nthawi yake kapena imadikira kudzaza? Makilogalamu angati a katundu ndi aulere, ndipo owonjezera amalipiritsa bwanji? Madalaivala ndi awiri osinthana? Basi ikawonongeka pa njira amatumiza ina? Mukasintha tsiku lobwerera pali chindapusa? Ndipo chachikulu, ku Johannesburg imakatsitsira pati? Si mabasi onse amene amalowa mu siteshoni yaikulu ya Park Station, ena ali ndi malo awo m'misewu ya m'tauni. Mukalipira mulandire tikiti yolembedwa dzina lanu monga lilili m'pasipoti, nambala ya mpando ndi tsiku. Chikwama chilichonse cholowa pansi pa basi kapena m'ngolo yakumbuyo chimatidwe kapepala, chinzake mutenge inu.

Pa funso lakuti mufika nthawi yanji, a basi amanena nthawi imene akufuna kufika, osati imene adzafike. Tsiku limodzi ndi theka ndi ulendo woyenda bwino, koma masiku awiri si zachilendo. Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, komabe mzere wa mabasi mu December ndi pa Pasaka ukhoza kudya maola ambiri. Basi yochedwa kunyamuka ikhozanso kupeza chipata china chatsekedwa n'kugona pomwepo. Choncho ngati mukuthamangira ukwati, maliro kapena tsiku la kuchipatala, siyani tsiku lathunthu lapadera.

Amene ndimawakhulupirira kwambiri pa zing'onozing'ono za m'njira ndi amayi a geni amene amayenda msewuwu mwezi ndi mwezi. Iwo ndi amene amadziwa za sabata ino. Adzakuuzani kuti ndalama musaike malo amodzi, zina m'kathumba ka mkati mwa zovala, zochepa za chimbudzi ndi madzi m'thumba lapafupi. Marandi gulani musananyamuke, ku banki kapena kwa osintha ndalama ovomerezeka, ndipo risiti muisunge chifukwa mukhoza kufunsidwa kumene mwatenga ndalama zakunjazo. Yambani kufunafuna msanga, ndalama zakunja sizipezeka tsiku limodzi. Ku Zimbabwe madola a ku America a mapepala ang'onoang'ono ndi marandi ndi amene amathandiza, chifukwa chenji ya pepala lalikulu imavuta. Osintha ndalama oima pa boda amawerenga mwachangu, ndipo njira yawo yodziwika ndi kupinda mapepala pakati kuti awerengeke kawiri. Ngati mwakakamizika kusintha, werengani nokha ndalama zawo musanatulutse zanu. Mozambique mumangodutsa, ndalama zawo za meticais sizikufunika zambiri. Pa Zóbuè anthu amalankhula chinenero chathu chomwechi, choncho musaope kufunsa.

Za usipa, nyemba, ufa ndi mpunga wa Kilombero umene abale a ku Joni amaitanitsa, dziwani kuti South Africa ili ndi malamulo okhwima pa nyama, nsomba, mbewu ndi zomera zolowa m'dzikomo. Wina akadutsa nazo sabata yatha sizitanthauza kuti n'zololedwa. Mukafunsidwa nenani zimene mwanyamula, ndipo musanyamule zochuluka moti zikalandidwa mulire. Chimene simuyenera kuchita n'komwe ndi kutenga phukusi la munthu wina limene simunalitsegule. Ngakhale ndi la mnansi wopemphera naye limodzi, litsegulidwe pamaso panu. Mankhwala akuchipatala akhale m'mabokosi ake ndi kalata ya dokotala.

Zovala zimapusitsa ambiri. Ku Tete mu October ndi November kutentha kumafika madigiri 40, koma Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa June kapena July madzi amatha kuundana panja. Juzi, masokosi ndi kabulangete zikhale nanu pa mpando, osati pansi pa basi pamene simungazifikire mpaka pa boda. Pomwepo pakhalenso madzi a malita awiri, tishu, sopo, cholembera cholembera mafomu, ndi pawabanki yodzaza.

Za mmene msewu ulili, funsani munthu amene wawoloka masiku asanu apitawa, kapena dalaivala wa thiraki. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Moatize ndi Tete. Chakumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinatseka misewu. Zikatere magalimoto ena amazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, ndipo ulendo umatalika, mtengo umakwera, zidindo zimasintha. Funsani a basi njira imene adutse sabata imeneyo.

M'bale wa ku Joni ntchito yake imayamba pamene basi yaima. Iye ndi amene amadziwa takisi yoyenera ndi msewu wosayenera kuyendamo ndi chikwama. Gwirizanani malo enieni okumanirana musanachoke kumudzi, chifukwa simu yanu ya TNM kapena Airtel ikhoza kukhala chete mukangowoloka boda ngati simunatsegulitse roaming. Nambala yake ilembeni pa pepala, ndipo mukafika ku Polokwane pemphani woyandikana naye akubwerekeni foni mumudziwitse. Mukafika usiku iye asanabwere, khalani mkati mwa siteshoni pamene pali kuwala ndi alonda, ndipo musapereke chikwama kwa wodzipereka kukunyamulirani. Simu ya kumeneko imafuna kulembetsa, kumene amakutcha RICA, ndi pasipoti komanso umboni wa pokhala, ndiye m'baleyo akuperekezeni. Mumupemphenso adaputa: mapulagi athu ndi a mano atatu amakona, a kumeneko ndi a mano atatu ozungulira, ndipo chaja chanu sichilowa pa khoma.

Pobwerera, konzani kuti mudutse pa Beitbridge kutatsala masiku awiri kapena atatu pa chidindo chanu, chifukwa tsiku limene limawerengedwa ndi lodinditsa pa boda, osati lokwera basi ku Johannesburg. Marisiti a zonse zimene mwagula asungeni mu envulopu imodzi. Pa Mwanza kapena pa Dedza a MRA akapanda kuona risiti amaika mtengo wawo pa katunduyo, ndipo msonkho amawerengera pa mtengo umenewo. Siyaniko makwacha olipirira msonkho ndi okwerera minibasi yokafika kunyumba.