Chinaka cha pa Bembeke

Lachiwiri usiku. Magetsi azima, kunja chisanu cha Juni, tulo osabwera.

Ndikanangogula n'kumapita. Pa Bembeke, pomwe anthu amatsika kukagula mbatatesi ndi kabichi, panali gogo wina ndi beseni lovundikira kansalu. Chinaka! Chofiirira, chonjenjemera ngati chiwindi. Ndinaponya chidutswa m'kamwa ndili chiimire, katsabola pamwamba, n'kukumbuka malemu mayi anga akusinja timbatata take mumtondo, chidulo chikudontha, nsinjiro ili pambali.

Koma pakamwa pangapa. "Agogo, mukumakumba kuti masiku ano?"

"Kale tinkangotsikira kudambo. Pano mdzukulu wanga amalawirira kuphiri, kubwerako dzuwa litapendeka, kachitini osadzaza."

Basi uphunzitsi unandikwera. Ndinayamba kulalikira kuti zomerazi ndi ma orchid, monga Disa ndi Satyrium, ndipo zimachita maluwa nthawi ya mvula. Pansi pamakhala timbatata tiwiri, kakale kofota ndi katsopano kolimba. Katsopanoko ndiye kodzaphuka chaka chamawa, ndipo n'komwenso timakumba. Njere zake zili ngati fumbi, sizimera popanda mtundu wina wa bowa wosaoneka wa m'dothi, n'chifukwa chake sungangozifesa m'dimba ngati mpiru. Ndinafika mpaka ku Zambia, komwe amati chikanda ndipo chili pamsika kwambiri moti amalonda amakachitenga kunja. Ku Tanzania, ndinatero, mu 2005 anachita kukhazikitsa paki ya Kitulo poteteza maluwa oterewa.

Gogo anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Mwamaliza, bambo? Nanga mukutafunacho n'chiyani?"

Kondakitala anaseka mpaka kugwira chitseko. Gogo anawonjezera akupinda kansalu kake: "Duwa silinandigulireko sopo ine."

Ndinalipira, n'kugulanso zidutswa ziwiri, kaya chifukwa cha manyazi kaya nkhuli. M'minibasi monse ndinkakonza mayankho abwinoabwino, onse ochedwa.

Chikundiwawa si kusekedwako ayi. Ndakhala zaka zonsezi patsinde pa phiri la Dedza, phiri lopitirira mamita 2,000, ndimaliona m'mawa uliwonse ndikamatsuka m'kamwa, koma duwa ndimalinenerali sindinalionepo lili m'tchire. Ndimalidziwira m'buku ndi m'mbale. Mdzukulu wa gogo uja amalizindikira ngakhale litauma phesi lokhalokha.

Januwale akubwerayu ndikwera. Ngakhale chaka chatha ndinateronso.

Zidutswa zija zili patebulo, mafuta alowerera papepala. Ndaziyang'ana kawiri.