Buku la dimba la ku England ndi zitini zanga za tomato

Teremu ino anatipatsa asayimenti yoti aliyense apeze buku la ana lokamba za dimba, aliyesere ndi ana enieni kwa masabata 6 kenako alembe zomwe waona. Ine ndinangoti aaa izi nzophweka, munthu ndinakulira ku Ntcheu khasu lili m'manja. Buku ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu aja, la ku England, zithunzi zake zokongola kwabasi, ana ake ovala magambutsi ngati akupita kokawoloka Linthipe. Ophunzira anga anali awiri basi, mtsikana wanga wa zaka 7 ndi mwana wa achemwali wa zaka 9.

Vuto linayambira pa kalendala. Bukulo likuti fesani mu March kapena April, ndipo tomato musamutulutse panja mpaka chisanu chowumitsa madzi chija chitatha, chakumapeto kwa May. Pamenepo ndinaseka, kuno March mvula imakhala isanatsanzike, za kudimba timaziyamba mvula ikatha ndipo June ndi July wozizirayo ndi amene kabichi, mpiru ndi kaloti amakondwa naye. Koma pomwe linandigwetsa ndi pa zenera. Linati ikani zitini zofesamo mbewu pa zenera loyang'ana kummwera chifukwa ndi komwe dzuwa limawomba tsiku lonse, ine osaganiza nkomwe ndinatenga zitini za tomato nkuika kummwera, mu June. Patatha masabata awiri timbande tinangotalika ngati ulusi, totuwa, tonse titapendekera mbali imodzi. Kenako mpamene zinandibwerera za jogalafe ya ku sekondale, eti ife tili kummwera kwa equator ndiye miyezi yozizirayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Kwa iwo ndi kummwera, kwa ife ndi kumpoto. Manyazi ake abale, pamaso pa ana.

Chomwe chinayenda bwino ndi nyemba ya m'botolo. Mumatenga botolo loonekera mkati, mwaikamo pepala lonyowa, nyemba mwaipanikiza pakati pa pepala ndi galasi. Tsiku lachinayi khungu linang'ambika nkutuluka kamuzu koyera kolunjika pansi, tsinde linabwera pambuyo litapindika ngati ndodo ya agogo. Mnyamata wa achemwali uja anatembenuza botolo dala kuti aone, mawa lake muzu unali utakhota kuyang'ananso pansi. Zaka zonsezi ndadzala nyemba zosawerengeka koma ndinali ndisanaonepo kuti choyamba kutuluka ndi muzu, zimachitikira pansi pa dothi ife tili kunyumba kudikira.

Ndiye pali tsamba lina lokamba za alongo atatu, kadzalidwe ka anthu oyamba kukhala ku North America, chimanga nyemba ndi maungu malo amodzi. Chimanga chimakhala mtengo woyangapo nyemba, maungu amaphimba nthaka kuti isaume komanso udzu usamere, nyemba nazo zimathandiza nthaka ndi nayitulojeni, chakudya cha mbewu. Ndikuwawerengera ana mokweza, amayi ali pakhonde akusadzula nkhwani, anangoti "Iwe, zimenezo mpaka buku? Munda wa agogo ako unali wotani?" Ndipo nzoona. Chomwe bukulo linawonjezera ndi chifukwa chake. Tinazula nyemba imodzi kuseri kwa bafa, tinatsuka mizu, ana anaona timatuza tating'ono tomwe mumakhala mabakiteriya okoka nayitulojeni wa mu mpweya, ukatswa kamodzi ndi chikhadabo mkati mumaoneka mofiirira. Amayi nawo anabwera kudzasuzumira, sanayankhule kanthu koma anatenga nthawi.

Za kupalira ndiye tinakangana nalo bukulo. Likuti chilichonse chomwe simunadzale zulani, ana anamvera ndithu, ndikubwera ku kalasi ndapeza bonongwe, chisoso ndi luni zonse zili pamulu padzuwa. Amayi anatola nkukaphika, akudandaula kuti ana a masiku ano akuzula ndiwo chifukwa cha mzungu. Komanso mulibe chiswe m'bukumo, muli nkhono zokhazokha, pomwe ife udzu womwe tinaphimbira bedi chiswe chinaumaliza sabata imodzi.

Mu lipoti ndalemba kuti buku lotere ndingaligwiritse ntchito mkalasi pa zoyesera ngati ya botolo ija, koma kalendala ndi tsamba la udzu ndizilumpha. Kaya alekichara agwirizana nazo. Anawo pano atenga kope la masamu lotsala akupanga buku lawolawo, tsamba loyamba ndi chisoso, njere zake zakuda zomata ku zovala zija azimata ndi selotepi, pansi mtsikana wanga walemba kuti "osazula, agogo amakalipa". Zitini za tomato tinazisamutsira kumpoto, zitatu zapulumuka.