Mmene tinayambira kuyeza umuna wa agalu

Labotale yathu ndi chipinda chimodzi chabe kuseri kwa kiliniki ya ziweto mumzinda wa Lilongwe, ndipo inayamba chifukwa cha dandaulo limene tinkamva kawirikawiri kwa oweta agalu a mtundu wa Boerboel ndi German Shepherd. Munthu ankalipira ndalama zambiri kuti akweretse galu wake wamkazi kwa mphongo yotchuka, n'kudikira masiku 63 a bere osaona kanthu, ndipo mlandu wonse unkagwera galu wamkaziyo. Mphongoyo palibe ankaikayikira malinga inali yaikulu ndi yojintcha, ngakhale kuti kukula kwa galu sikutsimikiza kuti mbewu zake ndi zabwino.

Tinayamba ndi maikulosikopu yogula kwa wina, timagalasi toyezera ndi kachipangizo kotenthetsera timagalasito. Umuna wa galu umatuluka m'magawo atatu, ndipo gawo lachiwiri, loyera ngati mkaka, ndi limene lili ndi mbewu zambiri. Dontho lake timaliika pagalasi lofunda madigiri 37, chifukwa mbewu zikazizidwa zimafooka, ndipo woyeza wosasamala angaweruze molakwa galu wabwinobwino. Timayembekezera kuona mbewu 70 kapena kuposerapo pa 100 zilizonse zikusambira molunjika kutsogolo, osati kumangozungulira pamalo amodzi. Kenako timawerenga kuchuluka kwake pagalasi la Neubauer, lokhala ndi timizere towerengera, ndipo galu wathanzi amatulutsa nthawi imodzi mbewu kuyambira 300 miliyoni mpaka 2 biliyoni, malinga ndi kukula kwa thupi lake.

Ntchito imene imatitengera nthawi, imenenso ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri, ndi yoyang'ana maonekedwe a mbewuzo. Timazipaka utoto wa eosin-nigrosin, umene umalowa m'mbewu zakufa n'kuzifiiritsa pamene zamoyo zimakhalabe zoyera, ndipo timayang'ana mbewu zosachepera 100 imodziimodzi, kufufuza za mitu yolakwika, za michira yopindika ndi zoduka mutu. Makina a kompyuta oyezera liwiro la mbewu alipo, koma mtengo wake sitinaufikire, ndipo pa funso limene woweta amabwera nalo, diso lozolowera limakwanira.

Chovuta kwambiri pa bizinesiyi ndi kufotokozera mwini galu zotsatira zoipa. Ambiri amafuna yankho la tsiku lomwelo, koma ife sititcha galu wosabereka titamuyeza kamodzi. Mbewu zimatenga masiku pafupifupi 62 kuti zipangike, choncho galu amene anatentha thupi ndi matenda a nkhupakupa miyezi iwiri yapitayo angaonetse umuna woipa lero, n'kudzapezeka bwino tikamuyezanso patapita miyezi itatu. Mbewu zikapanda kuonekeratu, timatumiza madziwo kukayezetsa alkaline phosphatase, enzaimu yopezeka mu umuna, imene imatiuza ngati galuyo anatulutsa umuna wonse kapena anangotulutsa gawo lake chifukwa cha mantha. Timalangizanso kuyezetsa magazi kufufuza Brucella canis, kachilombo kamene kamachotsa bere, kamawononga mbewu, komanso kangathe kugwira anthu.

Mphongo zambiri zimene timayeza zimapezeka zilibe vuto, ndipo cholakwika chimakhala tsiku lokweretsera, popeza oweta amangowerenga masiku kuchokera pamene aona magazi, pomwe agalu aakazi amasiyana nthawi yotulutsa mazira. N'chifukwa chake tsopano timayezanso progesterone, homoni imene imakwera pa nthawi yotulutsa mazira, m'magazi a galu wamkazi, kuti woweta apite naye kwa mphongo pa tsiku loyenera.